Kapepala Kopita ku Yerusalemu

Chiyamiko Kambalame sanali munthu wabodza. Anali munthu woopa kukhumudwitsa anthu, ndipo amene anakula ndi matenda amenewa akudziwa kumene amakafikitsa munthu.

Zinayamba Lamulungu lina m'mwezi wa Febuluwale, m'katchalitchi ka ku Springburn, mu Glasgow, kamene Amalawi amasonkhanamo masana, eni tchalitchi akatuluka. Inali nthawi ya zolengeza. A Hamilton, mkulu wa mpingo, anafunsa ngati panali wina wa paulendo woti apemphereredwe, ndipo Chiyamiko anaimirira n'kunena kuti yunivesite ikuwatenga kupita ku Israeli kwa masiku asanu ndi limodzi. Mawu ena onse anamira m'nthungululu. Ankafuna kuwonjezera kuti unali ulendo wa ophunzira za bizinesi, wokaona momwe anthu a kumeneko amayambitsira makampani, koma amayi a Mvano anali atayamba kale nyimbo, ndipo a Hamilton anali atakweza manja kuthokoza kuti mwana wa mumpingo mwawo akukaponda pamene anaponda Ambuye. Ungawadule pakamwa bwanji akuluakulu ali pakati poyamika Mulungu? Chiyamiko anakhala pansi akumwetulira, ndipo kunena zoona, zinamukomera.

Anali atabwera ku Glasgow miyezi isanu yapitayo kudzachita maphunziro a digiri yachiwiri. Kumudzi ankagwira ntchito ndi alimi a tomato a ku Ntcheu, ndipo chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kuona amayi akuthyoka misana ndi makeni, kuthirira dimba kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Anali atamva kuti ku Israeli kuli anthu opanga timapaipi tothirira mbewu modontheza, dontho limodzilimodzi patsinde, ndipo ulendowu kwa iye unali wa timapaipi timeneti, osati wa Yordano.

Munthu amene nkhaniyi inamulowa mumtima kuposa onse anali Mayi Sylvia Kachingwe. Mayiwa ndi amene anamutola Chiyamiko Lamulungu lake loyamba, atamuona akunjenjemera m'kajekete kogula ku Limbe. Anamupatsa chikhoti chawo, anamuphunzitsa mabasi, anamusonyeza sitolo yogulitsa ufa ndi usipa, ndipo Loweruka lililonse Chiyamiko ankachoka kuchipinda chake cha lendi ku Maryhill kukadya kwawo ku Sighthill, m'nyumba zatsopano zimene anamanga atagwetsa zakale zazitali zosanjikizana. Ankawatchula kuti amayi, iwo ankamutchula kuti mwanangu, ndipo panalibe amene ankaona ngati ndi mawu chabe.

Mayi Kachingwe anali namwino, koma ntchito anaisiya zaka ziwiri zapitazo amuna awo atagwidwa sitiroko. Bambo Leonard Kachingwe, amene kale anali injiniya wolankhula mpaka anthu kuiwala kuti tiyi wazizira, tsopano ankakhala pampando wawo pabalaza, dzanja lamanja lili lende, pakamwa posatuluka mawu. Koma makutu anali bwinobwino, ndipo maso awo ankatsatira chilichonse. Analinso ndi liuma lawo. Osamalira odwala amene ankabwera m'mawa ankawasambitsa ndi kuwaveka popanda vuto, koma pa chakudya onse anagonja. Bambowo ankatseka pakamwa kuti ndii, mpaka akazi awo atagwira supuni.

Loweruka lomaliza ulendo usanachitike, Mayi Kachingwe anatulutsa sutikesi yawo yofiirira kuchipinda kuti amubwereke, chifukwa chikwama cha Chiyamiko chinali chothyoka tayala. Kenako anamukokera kukhitchini n'kutseka chitseko.

"Mwanangu, ndamva kuti ku Yerusalemu kuli khoma limene anthu amatsekeramo mapemphero m'ming'alu. N'zoona?"

"N'zoona, amayi."

Anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa kapepala kopinda kangapo, kakang'ono ngati chikhadabo cha chala chachikulu.

"Ukandiikire aka. Ndi dzanja lako, osapatsira munthu wina. Ndiponso usakatsegule."

Apa ndi pamene Chiyamiko akananena kuti ndondomeko ya ulendowo inali ya maofesi okhaokha, ndi kuti za Yerusalemu zinali pa mzere umodzi wokha, masana a Lachinayi, kwa ofuna. Koma anangolandira kapepalako ndi manja awiri.

"Ndikakayika, amayi. Musadandaule."

Ku Tel Aviv anaona zimene sanazionepo. Mabwana a makampani ankabwera pamsonkhano atavala zikipa ndi masandasi. Ankadulana pakamwa, kutsutsana pamaso pa alendo, kamnyamata kongolembedwa kumene ntchito n'kumauza mwini kampani kuti maganizo ake ndi opanda mutu, mwini kampaniyo n'kumaseka. Wina anawawerengera monyadira makampani atatu amene anayambitsa n'kugwa, ngati munthu akuwerenga ana ake. Chiyamiko, amene anakula akuuzidwa kuti wamkulu sumuyang'ana m'maso, masiku awiri oyamba anangokhala duu kumbuyo akulemba m'kope.

Lachitatu anawatengera kumunda woyeserera kunja kwa mzinda, ndipo kumeneko anakumana ndi Oren, bambo wadazi, wakhungu lopsa ndi dzuwa, amene ankapanga timapaipi tosafuna pampu kapena magetsi, tongodalira thanki yoikidwa pathandala. Chiyamiko anaiwala ulemu wonse wa kwawo n'kufunsa mafunso asanu motsatizana. Oren anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mawa 2 koloko ndili muofesi. Ubwere ndi mapu a madimba akowo. Ukapanda kubwera mawa, usadzabwerenso."

Basi yopita ku Yerusalemu inkanyamuka mawa lomwelo, 1 koloko.

Sanavutike nazo nthawi yaitali, ndipo ichi ndi chimene chinkamuluma kwambiri pambuyo pake. Anadziuza kuti Lachisanu ndi tsiku lofotokoza zimene aphunzira, koma Loweruka m'mawa ndi lopuma, adzakwera sitima yekha, kukayika kapepalako, n'kubwerera ndege isananyamuke madzulo. Anzake anakwera basi, iye anapita kwa Oren. Bamboyo anaing'amba pulani yake mzere ndi mzere, anamufunsa ngati alimi akewo amadya manambala, kenako anamupatsa khadi n'kunena kuti amutumizira timapaipi tokwana madimba awiri kuti akayesere. Chiyamiko anatuluka muofesimo mapazi asakugunda pansi.

Loweruka analawirira kusiteshoni, n'kupeza zitseko zili zotseka, pabwalo pali nkhunda zokhazokha. Mayi wina woyenda ndi galu anamuuza kuti ndi Sabata, sitima ndi mabasi zimagona mpaka dzuwa kulowa. Taonani, mwana wa Sande Sukulu, woloweza malamulo khumi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kuiwala Sabata ali m'dziko la Sabata! Anathamangira kuhotela kukapempha mphunzitsi amene ankatsogolera gululo kuti amulole kufunafuna takisi, koma mphunzitsiyo anakana kwamtuwagalu. Palibe wophunzira amene akanatuluka mumzinda yekha pa tsiku la ndege.

Kapepalako kanali m'chikwama chake cha m'manja sabata yonseyo. Tsopano kankamuwotcha nthawi iliyonse akapisamo dzanja, ndiye polongedza anakalowetsa m'kathumba ka zipi ka m'kati mwa sutikesi kuti asakaonenso mpaka ataganiza chochita. Pabwalo la ndege anagula zipatso za kanjedza ndi kamtanda ka mtengo wa azitona.

M'ndegemo anakonza mawu. Adzanena kuti, amayi, ndinalephera, mundikhululukire, kapepala kanu ndi aka. Anawabwereza mpaka anakhala osalala. Koma Lolemba m'mawa, asanasambe n'komwe, belu linalira. Anali Mayi Kachingwe, atasiya amuna awo m'manja mwa osamalira odwala, n'kukwera mabasi awiri m'mvula kudzamuona mlendo. Anamukumbatira pakhomo pomwepo, ndipo asanavule n'chikhoti chomwe anamugwira mapewa n'kumuyang'ana m'maso.

"Unakayika?"

Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene akudikira zotsatira za kuchipatala. Mawu osalala aja anathawa onse.

"Ndinakayika, amayi."

Mayiwo anakhala pabedi n'kuphimba nkhope ndi manja. Atachotsa manjawo anafunsa kuti khomalo ndi lotani, ndipo Chiyamiko anafotokoza zimene anaona pa zithunzi za m'mafoni a anzake, miyala ikuluikulu yoyererako, udzu womera m'ming'alu, amayi mbali yawo abambo mbali yawo. Anawonjezera kuti anasankha mng'alu wa m'mwamba, anachita kunyanyamphira, kuti pasapezeke wokagwetsa. Bodza likayamba kuyenda silifuna kukankha, ndipo iye mwini anadabwa kuti zonsezi zikuchokera kuti.

Chinthu chobwereka sichibwerera chopanda kanthu, choncho Chiyamiko anakhuthulira zovala zake pabedi msangamsanga, n'kuikamo zipatso zija ndi kamtanda kaja, n'kuwanyamulira sutikesi mpaka pokwerera basi. Basi itakhota pakona, akubwerera m'mbali mwa ngalande ya ku Maryhill, ndi pamene anakumbukira kathumba ka zipi. Anaima chilili pamvula mpaka njinga inamuimbira belu kuti apatuke.

Masabata atatu otsatira anali owawa. Sutikesiyo ankadziwa pamene inali, pamwamba pa wodulobu kuchipinda kwa a Kachingwe, ndipo Loweruka lililonse popita kubafa ankadutsa pakhomo la chipindacho. Nthawi zina chitseko chinkakhala chotsegula pang'ono, ngodya yofiirira n'kumaonekera. Kuponda kanayi kokha n'kuifika. Koma mwana woleredwa bwino salowa kuchipinda kwa makolo, ndipo miyendo yake inkakana ngakhale mutu utalola. Ndi zoseketsa ndithu, munthu woti wanamiza mayi ake m'maso muli gwa, n'kumaopa kuponda pakhomo la chipinda chawo poti n'kupanda ulemu. Anaganizapo zobwerekanso sutikesiyo, koma akanati akupita kuti pakati pa teremu?

Chinkamupweteka kwambiri chinali chakuti Mayi Kachingwe anasintha. Ankaimba potsuka mbale. Anakakonzetsa tsitsi. Podyetsa amuna awo ankawaseka kuti akudya ngati bwana wa ku Kanjedza, bambowo n'kumakweza nsidze imodzi imene inkagwirabe ntchito. Tsiku lina akupukuta mbale limodzi, mayiwo ananena motsitsa mawu kuti, "Mwanangu, unanditula katundu amene sindikanatula kwa munthu aliyense muno mu Glasgow, ngakhale kwa abusa." Chiyamiko anangoti zikomo, maso ali pa mbale imene inali itauma kalekale. Anayamba kudzinyengerera kuti mwina palibe cholakwika, popeza Mulungu amawerenga ngakhale za m'sutikesi.

Lachitatu la sabata yachinayi, m'mawa, analandira uthenga wa Oren wonena kuti timapaipi tija tanyamuka, tikafikira ku Lilongwe. Akuwerenga kachiwiri, foni inalira m'manja mwake. Anali Mayi Kachingwe, ndipo sanapereke moni.

"Bwera kuno."

Chitseko cha ku Sighthill anatsegula ndi Jennifer, mwana wa a Kachingwe wobadwira konkuno, amene ankagwira ntchito ku Edinburgh. Maso ake anali ofiira. Anangotenga jekete n'kutuluka, kumusiya Chiyamiko pakhomo. Pabalaza, Bambo Kachingwe anali pampando wawo wa masiku onse, koma nkhope atalozetsa kuwindo. Sutikesi yofiirira inali pansi, yotsegula.

Mayi Kachingwe anali kukhitchini, atakhala patebulo. Patsogolo pawo panali mbale ya phala ndi kapepala kaja, kotambasula, mizere ya mopinda ikuoneka. Chiyamiko anagwada pa matailosi ozizira.

"Amayi, ndinalakwa. Sindinafike ku Yerusalemu. Tsiku lopita kumeneko ndinapita kukaonana ndi munthu wa mapaipi, ndiye Loweruka..."

"Werenga."

"Amayi, munati ndisatsegule."

"Chatsala n'chiyani chobisa? Werenga."

Zinali zolemba zawo zaunamwino, zing'onozing'ono, zopendekera kumanja. Ambuye, ndatopa. Mwamuna uyu ndimamukonda, Inu mukudziwa, koma ndatopa. Ngati simumudzutsa, mutengeni, ndipumeko. Mundikhululukire.

Chiyamiko ankaganiza kuti wanyamula pemphero la machiritso, longa mapemphero amene amapempheredwa mokweza Lamulungu lililonse.

"Jennifer anabwera dzulo masana kudzatenga sutikesi, akupita kutchuthi ndi anzake," anatero mayiwo, mawu awo ali phee ngati akupereka lipoti la wodwala. "Anaitsegulira pabalazapo, pamapazi pa bambo ake. Atapeza kapepalako anazindikira dzanja langa. Chichewa chake ukuchidziwa, amamva moni ndi mayina a ndiwo basi. Ndiye anayamba kuwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi ngati mwana wa Sitandade 1, akuseka, n'kumawafunsa bambo ake kuti zikutanthauza chiyani. Ine ndinali pano, manja ali m'madzi. Ndinamva mawu anga akuchokera pabalaza. Pamene ndimafika n'kuti atafika pa mutengeni."

"Amayi, pepani. Pepani ndithu."

"Ukudziwa chifukwa chake ndinakatuma kutali? Mawu amenewa anandikhala pakhosi chaka chathunthu. Kuwanena sindikanatha, kuwameza ankakana. Ndinati apite kudziko kumene kulibe wowerenga Chichewa, akakhale m'mwala, awaone Mulungu yekha. Masabata atatu ndakhala ndikuyenda mopepuka, kumeneko mawuwo ali pamwamba pa wodulobu, pamutu pa mwini wake."

Chiyamiko analira, kulira kwa manyazi kumene sikutulutsa mawu. Akanakonda akanamukalipira, kumutukwana, ngakhale kumuthamangitsa ndi kumulanda chikhoti chija. Koma mayiwo anangomuyang'ana ndi maso ouma.

"Za mapaipizo sindikukuda nazo. Unapitira zimenezo, ndipo alimi akowo ndi anthu. Ukanangobwera n'kunena kuti amayi sindinafike, ndikanakhumudwa tsiku limodzi, kapepalako n'kukawotcha pachitofu apa. Unaopa nkhope yanga ya tsiku limodzi, mwanangu."

Mawu akuti mwanangu anamulasa kuposa ena onse. Anafuna kufotokoza za Sabata, za zitseko zotseka, za mphunzitsi wokana uja, koma anaona kuti zonsezo zinali zoona zopanda ntchito.

"Ndichite chiyani, amayi? Chilichonse chimene munganene."

Mayi Kachingwe anaimirira, anaika mbale ya phala ija m'mayikulowevu, n'kuima chofulatira mpaka inalira. Anaitulutsa, anathiramo mkaka pang'ono, anatakasa.

"Chiyambire dzulo masana sanadye. Ndikabwera ndi supuni akutseka pakamwa, akuyang'ana kuwindo. Ndagwada, ndapepesa, ndafotokoza. Kaya andimva kaya sanandimve, adziwa ndani, munthu salankhula. Jennifer wayesa, phala lonse pamalaya. Ndipo mankhwala awo sangamwe m'mimba muli pululu." Anamupatsira mbaleyo. "Dzuka. Kayese iwe."

"Amayi, bambo sadya m'manja mwa munthu wina."

"Ndikudziwa. Kayese."

Chiyamiko anapita pabalaza mbale ili m'manja. Anakankhira sutikesi pambali ndi phazi, anagwada pafupi ndi mpando, n'kuwayala kansalu pachifuwa monga ankaonera mayiwo akuchitira.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Ndine Chiyamiko. Kapepala kaja anandipatsa ine kuti ndikasiye kutali. Wolakwa ndine, si amayi ayi."

Bambo Kachingwe anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako maso awo anadutsa paphewa pake kupita kukhomo la kukhitchini, pamene akazi awo anaima atagwira felemu. Chiyamiko anatapa phala. Supuni ili m'njira, anapemphera pemphero limene sanapempherepo ndi mtima wonse chotero chibadwire, lakuti bambowa akane. Atseke pakamwa monga amachitira ndi aliyense, kuti iye aimirire n'kunena kuti mwaona amayi, akudikira inu.

Bambo Kachingwe anatsegula pakamwa.

Anameza, natsegulanso, maso ali pa akazi awo. Chiyamiko sanathe kucheuka. Anatapa supuni yachiwiri, dzanja likulemera ngati si lake.

"Uziuzira kaye," anatero Mayi Kachingwe kumbuyo kwake, mawu ali otsika. "Sakonda lotentha."

Kenako anamva chitseko cha kukhitchini chikutsekeka, ndi madzi a pampopi akutsegulidwa mwamphamvu, ngakhale musinki munalibe mbale yotsuka.